ZA DZENJE LA MIYALA LIMENE LINASANDUKA NKHALANGO

Palibe mudzi wa nyumba za njerwa umene ulibe dzenje lace. Pamene tiona nyumba yokoma ya sukulu, kapena mlatho, kapena mseu wa miyala, tidziwe kuti kwina kuli malo amene anakumbidwa kuti izi zimangidwe. Dothi la njerwa, mcenga, miyala ndi simenti sizigwa kumwamba ai. Zicokera m'nthaka, ndipo pocoka zisiya bala. Omanga akatha nchito yao amapita, koma balalo litsalira eni dziko. M'dzinja lidzala madzi, udzudzu nuswana momwemo. Nthawi zina mugwera mbuzi, penanso mwana. M'malimwe liuma gwa, losamera ngakhale udzu.

Tsono mafunso a phunziro lathu la mwezi uno ndi awa: Kodi malo otere akhoza kupolanso? Ndipo akapola, tidzazindikira bwanji kuti apoladi? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tinke ulendo ku dziko la Kenya, tikaone cimene cinacitika m'dzenje lalikuru loposa maenje athu onse.

1. MALO AMENE ANAFA

Kumpoto kwa mzinda wa Mombasa, m'mbali mwa nyanja yaikuru ya mcere yochedwa Indian Ocean, kuli malo dzina lace Bamburi. Pansi pa nthaka ya kumeneko pali mwala woyera wa njereza. Mwalawo unamangidwa kalekale ndi tizirombo ta m'nyanja tochedwa korali, timene timadzimangira nyumba zolimba, tatsopano pamwamba pa takufa, kufikira nyumbazo zisanduka thanthwe. Pamene nyanja inacoka pamalopo, thanthwe linatsala pamtunda. Mwala wotere ukaochedwa pamodzi ndi dothi lina m'ng'anjo ya moto waukali, nuperedwa kukhala ufa, ndiwo simenti.

Kampani ya simenti ya Bamburi inakhazikidwa m'caka ca 1951, niyamba kuocha simenti mu 1954. Makina ace anayamba apala nthaka ya pamwamba pamodzi ndi chire lace, nakumba mwala kunka pansi, naleka pokhapo atayandikira madzi a pansi pa nthaka. Madziwo anali olawa mcere, popeza nyanja iri pafupi. Caka ndi caka cidzenjeco cinakula. Pansi pace panali thanthwe loyera lothobwa m'maso, lotentha usana ngati ciwaya ca pamoto. Panalibe dothi, panalibe mthunzi, ndipo mbeu yogwa pamenepo inafa isanazike muzu.

2. MUNTHU WOYESA

Mu 1959 kampaniyo inalemba nchito munthu wa ku Switzerland, wodziwa za ulimi, dzina lace René Haller, amene poyamba anayang'anira munda wa khofi pa phiri la Kilimanjaro. Nchito yace ku Bamburi inali kulima ndiwo ndi zipatso ndi kuweta ziweto, kuti anchito a kampani apeze cakudya. Koma mu 1971 anayamba nchito yina, ndiyo kuyesa ngati kanthu kangamere m'dzenje muja.

Malowo anali akuru kotero kuti munthu sakadatha kututa dothi kwina ndi kukwirira thanthwe lonse. Cifukwa cace Haller anafuna mtengo umene ungapirire pa mwala weniweni, pa dzuwa ndi pa madzi a mcere. Sanadziwiretu mtengowo, ndipo sanadziyesa wodziwa. Koma anaoka mitundu 26 ya mitengo, nadikira kuti malo omwewo amuyankhe. Itapita miyezi, mitundu 3 yokha inatsala yamoyo: mtengo wa ngole, umene ena ati kokonati, wina wa ku Somalia wochedwa Conocarpus, ndi wina wochedwa Casuarina, umene Aswahili aucha mvinje.

Wina angati, Mitundu 23 inafa. Kodi si kutaya mphamvu kumeneko? Iai, pakuti yakufayo inamphunzitsa monga momwe inamphunzitsira yamoyo. Akadaoka mtundu umodzi wokha umene iye anaukonda, nufa, akadanena kuti malowo ngosatheka. Uku ndiko kufufuza: kuyesa zambiri pa malo ang'ono, kuyang'anira, ndi kusunga cimene waona.

3. CINSINSI CA M'MIZU

Mwa itatu ija, mvinje ndiwo unapambana. Kwao kwa mtengowu ndi kumcenga kwa m'mbali mwa nyanja, kumene unazolowera mphepo ndi mcere. M'malo mwa masamba otambalala uli ndi tinthambi tobiriwira tonga singano, timene sititaya madzi ambiri pa dzuwa. Koma mphamvu yace yaikuru iri pansi.

Inu nonse munazulapo mtedza kapena nyemba, nimuona timatuza tomamatira ku mizu yace. M'timatuzamo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timakoka cakudya cina m'mpweya, cochedwa naitrojeni, ndi kucipereka kwa mbeu. Ndico cakudya comweco cimene anthu acigula m'matumba a feteleza. Mvinje nao uli ndi timatuza totere, ndi tizirombo ta mtundu wace tochedwa Frankia. Mtengo upatsa tiziromboto nyumba ndi zotsekemera zocokera ku masamba ace, ndipo ito tiupatsa cakudya cimene thanthwe liribe. Ndico cifukwa cace ofesa mitengo iyi amatapa dothi la patsinde pa mvinje wakale, nalisanganiza ndi dothi la mbande. Pakuti mbande yopanda anzace aja ikhala yofooka ndi yacikasu.

Comweco ngakhale mtengo wolimba koposa sunaima wokha pa mwala paja. Unaima ndi athandizi amene munthu sangawaone.

4. NCHITO YA BONGOLOLO

Mitengo inakula msanga, mthunzi nuoneka m'dzenje. Koma linabuka bvuto lina. Singano za mvinje zinagwa zambirimbiri, ndipo sizinabvunda, popeza nzolimba ndi zakhambi, ndipo tizirombo tambiri tikana kuzidya. Zinangounjikana zouma pamwamba pa mwala. Mitengo inalipo, koma dothi panalibe. Ndipo popanda dothi mtengo wa mtundu wina sukadamera. Munda wa mitengo ya mtundu umodzi si nkhalango ai.

Tsiku lina Haller anaona bongololo wakuda wa miyendo yofiira alikudya singano zouma zija. Bongololo ameneyu apezeka m'chire la m'mbali mwa nyanja ya kumeneko, ndipo ophunzira amucha Epibolus pulchripes. Anthu ambiri anamuona kale napitirira. Koma uyu anaima, nayang'anitsa. Tsono anatola abongololo mazana m'chire, nawamasula pansi pa mitengo ya m'dzenje. Iwo anapeza cakudya cocuruka cimene panalibe wolimbana nao, naswana kwambiri. Singano zitapyola m'mimba mwao zinaturuka zitapereka ndi kufewa, ndipo pamenepo nkhungu ndi tizirombo tating'ono tinakhoza kutsiriza nchito ya kubvunditsa. Pang'ono ndi pang'ono dothi lakuda linayamba kuyala pa thanthwe loyera.

Zitapita zaka 20, dothilo linali lakuya ngati masentimita 10, ndiko kunena monga m'lifupi mwa cikhato ca munthu wamkuru. Taganizani, abale: zaka 20 za mitengo ndi abongololo osawerengeka, kuti papangidwe dothi la cikhato cimodzi! Ndipo dothi lotere munthu wa khasu alipala tsiku limodzi, nalitaya kumbali pofuna dothi la njerwa liri pansi pace.

Akuru anati, Mapanga awiri abvumbwitsa; koma pano tiphunzira cina, kuti nchito imodzi ifuna anchito ambiri, ndipo wamng'ono wonyozeka ndiye anatsegula njira. Ife tikaona bongololo pakhomo timkankha ndi phazi, ana namponda. Ku Bamburi iye ndiye anali mlimi wamkuru.

5. ALENDO OBWERA OKHA NDI OITANIDWA

Dothi litaoneka, mbeu zinayamba kufika. Zina zinadza ndi mphepo; zina zinadza m'mimba mwa mbalame, mileme ndi apusi, amene anadya zipatso kwina nadzapuma pa nthambi za mvinje. Anchito nao anapatulira mvinje, naoka pakati pace mitengo ya mitundu yambiri ya m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja, imene sikadapirira pa mwala wopanda mthunzi. Mvinje unali ngati mlezi: unalera ana a mitengo yina, ndipo pokalamba unagwa kapena kudulidwa, nupatsa anthu mirimo ndi nkhuni, nusiyira anawo malo.

Pa malo ena anakumba maiwe kufikira madzi a pansi, naikamo nsomba za mtundu wa cambo ndi makumba, zimene zipirira madzi olawa mcere. Anabweretsanso mvuu, pakuti ndowe zace zimeretsa ndere ndi tizirombo timene nsomba zidya, ndipo poyenda m'madzi ibvundula matope kuti asaole pansi. Zotsala za nsomba anadyetsa ng'ona zoweta. Madzi akuda ocokera ku nsomba ndi ng'ona anawapititsa m'minda ya mpunga ndi m'zomera za m'madzi, zimene zinadya zonyansazo, madzi nabwerera oyera. Cotayidwa ndi cimodzi cinakhala cakudya ca cinzace. Nchefu ndi nyama zina zodya msipu zinaikidwamonso, ndipo pambuyo pace anyamalikiti.

Mu 1987 bungwe la United Nations losamala za cilengedwe linalemekeza Haller ndi mphotho yochedwa Global 500, ndipo malowo achedwa Haller Park. Ana a sukulu ndi alendo a maiko ambiri amayenda mumthunzi pamene kale panali thanthwe lotentha.

6. KUWERENGA ZAMOYO

Tibwere tsono ku funso laciwiri: tidzazindikira bwanji kuti malo apoladi? Kubiriwira kokha si umboni, pakuti munda wa bulugama ubiriwira, koma pansi pace zamoyo nzowerengeka. Cizindikiro ceniceni ndico kucuruka kwa mitundu ya zamoyo: mitengo, maudzu, bowa, tizirombo, acule, mbalame ndi nyama, ciri conse cidalira cinzace. Ndipo ici sicidziwika poyang'ana patali, cifuna kuwerenga.

Ofufuza ali ndi njira zao, ndipo zambiri nzosabvuta. Ayesa kamalo ka mbali zinai zolingana, nalemba zomera zonse ziri m'katimo. Akwirira zikho m'nthaka, kukamwa kwace kulingana ndi dothi, kuti tizirombo toyenda usiku tigweremo, naziona m'mawa. Ayatsa nyali patsogolo pa nsaru yoyera usiku, nawerenga agulugufe ofikapo. Aima pa malo amodzi mbandakuca, nalemba mbalame zonse zimene aziona kapena kuzimva. Cacikuru ndi ici: acita comweco pa malo omwewo, nyengo yomweyo, caka ndi caka, kuti buku liwauze ngati mitundu irikucuruka kapena irikucepa. Mtima wa munthu uiwala ndi kudzinyenga, koma colembedwa sicisintha.

Kuwerenga kotere kunaphunzitsa anthu a ku Ulaya cinthu cimene sanaciyembekeza. Kumeneko minda ndi mizinda zadzaza dziko, mitsinje yaongoledwa, ndipo zamoyo zina zofuna malo ouma, magomo ogumuka ndi zithaphwi zosakhalitsa zasowa pokhala. Ofufuza anazipeza m'maenje a miyala ndi a mcenga. Kambalame kena ka mtundu wa namzeze, kamene kamathawira ku Africa nyengo ya cisanu, kaboola zisa zace m'makoma a mcenga ongokumbidwa kumene. Kadzidzi wamkuru aikira mazira m'mapanga a makoma a miyala. Ku Germany kacule kena ka mimba yacikasu kaswana m'madzi otsalira m'mikwaso ya magalimoto otuta miyala. Maluwa ena osowa amera pa njereza yopanda conde, pamene udzu wautali sungawapsinje. Malo otere munthu akawakwirira ndi dothi labwino ndi kuokapo mitengo, aononga zimene anafuna kuthandiza.

Ku England kuli mbalame ya mtundu wa kakowa yochedwa bittern, yobisala m'bango, imene tambala wace alira mau akuya ngati munthu wouzira pakamwa pa botolo. Popeza sioneka kawirikawiri, aiwerenga pomvera kulirako. Mu 1997 anamva atambala 11 okha m'dziko lonse la Britain, pakuti madambo a bango anaphwetsedwa. Tsono pa malo ochedwa Needingworth, pafupi ndi mtsinje wa Great Ouse, kampani yokumba mcenga ndi timiyala inapangana ndi bungwe losamala mbalame, dzina lace RSPB, kuti dera liri lonse likatha kukumbidwa aliumbe kukhala dambo la bango. Malowo achedwa Ouse Fen, ndipo cipangano ndi cakuti adzafike mahekitala 700. Mbalame ija inabwera, niswana kumeneko.

Onani tsono kusiyana kwace. Ku Bamburi mankhwala anali mtengo ndi bongololo. Ku Needingworth anali madzi ndi bango. Ndipo m'maenje ena mankhwala ndiwo kuleka khoma la mcenga monga liri. Sing'anga wabwino ayamba wayesa wodwala asanapereke mankhwala. Momwemonso wofuna kupoletsa dzenje ayambe wafunsa: Kale panali ciani pano? Nanga tsopano pakhala ciani? Cisoweka nciani m'dziko lozungulira?

7. CENJEZO

Koma pasakhale munthu wonena kuti, Tiyeni tikumbe monga tifuna, popeza zonse zidzabwerera. Phiri lophwanyidwa silimeranso. Nkhalango yookedwa ndi anthu, ingakhale yokoma, siilingana ndi nkhalango yakale imene yakhala zaka mazana ambiri. Kufupi ndi Mombasa komweko kuli nkhalango zakale zochedwa kaya, zimene anthu a mtundu wa Mijikenda anazisunga cisungire kuyambira makolo ao; ndipo ndi m'nkhalango zotere mmene mupezeka mbeu za mitengo ya dzikolo. Zikadatha zonse, mbalame ndi mileme zikadatenga kuti mbeu zobweretsa m'dzenje? Cifukwa cace lamulo loyamba ndilo kusaononga malo amene sangabwezedwe. Laciwiri, kucepetsa bala. Ndipo lacitatu ndilo kulipoletsa.

8. NANGA IFE?

Maenje a m'midzi yathu ngang'ono, ndipo ali ndi dothi, si thanthwe lokha. Kotero nchito yathu njopepuka koposa ya ku Bamburi. Tisatengere mtengo wa Haller, kapena bongololo wace, pakuti izo nza kumcenga kwa nyanja ya mcere, ndipo camoyo cotengedwa kutali nthawi zina cisanduka mliri. Titengere njira yace. Nazi zina zimene mudzi uli wonse ukhoza kucita:

Poyamba, musanakumbe panganani ndi mfumu ndi mwini malo za m'mene mudzasiyira dzenjelo. Mau awa anenedwe njerwa zisanaumbidwe, pakuti zikapsa aliyense athamangira kwace. Musakumbe m'gombe mwa mtsinje, kapena pafupi ndi citsime ndi njira ya ana.

Kaciwiri, dothi lakuda la pamwamba muliunjike pa lokha, osalisanganiza ndi katondo. M'menemo muli mbeu, mizu ndi tizirombo tonse tothandiza. Mukatha kuumba, gumulani makoma a dzenje akhale otsetsereka, kuti wogweramo akhoze kuturuka, nimubwezere dothi lakudalo pamwamba.

Kacitatu, yesani mitundu ingapo, si umodzi wokha. Ife tiri nayo mitengo yathu ya timatuza m'mizu: msangu, mthethe, jerejere, ombwe ndi nandolo. Okani pang'ono pang'ono ya mtundu uli wonse, muone umene malowo aulola. Ndipo mthunzi ukaoneka, onjezani mitengo ya zipatso ndi ya m'chire lathu.

Kacinai, musaoche masamba ogwa, musasese pansi pa mitengo, ndipo mucinge mbuzi zaka zoyamba. Masambawo ndiwo cakudya ca abongololo, nyongolotsi ndi ciswe, amene adzakupangirani dothi osafuna malipiro.

Kacisanu, dzenje losunga madzi caka conse likhoza kukhala dziwe la nsomba, lochingidwa bwino cifukwa ca ana. Koma la madzi osaya ongoswetsa udzudzu likwiriridwe, kapena likumbiridwe ngalande.

Potsiriza, aphunzitsi atenge ana a sukulu ndi buku, kamodzi m'dzinja ndi kamodzi m'malimwe, alembe maina a zomera, tizirombo ndi mbalame zimene azipeza pamalopo. Ndipo dzina likabvuta afunse agogo, amene adziwa maina ambiri oposa a m'mabuku. Zikapita zaka zisanu, atsegule tsamba loyamba nalilinganize ndi lotsiriza. Pamenepo mudzi udzadziwa, si mwa kuganiza koma mwa umboni, ngati bala lace lirikupola.

Nchito iyi siibala msanga, ndipo ena a ife amene tidzaoka sitidzakhala pansi pa mthunzi wace. Koma nyumba zimene tamanga ndi dothi lija tidzasiyira ana athu. Nkoyenera kuti tisawasiyire pamodzi ndi dzenje lakufa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Cifukwa ninji Haller anaoka mitundu 26, osati umodzi wokha?

2. Mvinje upeza bwanji cakudya pa thanthwe lopanda dothi? Chulani mbeu za m'minda yathu zocita comweco.

3. Fotokozani nchito ya bongololo. Kukadakhala kopanda iye, cikadacitika nciani?

4. Cifukwa ninji si dzenje liri lonse liyenera kuokedwa mitengo?

5. M'mudzi mwanu muli maenje angati osiyidwa? Ndani angayambe kulankhula ndi mfumu za limodzi la iwo mvula isanagwe?